Mmene mungamasulire mfundo za minofu ya m'mapewa ndi kumtunda kwa msana

Pali malo awiri amene anthu ambiri amaloza akamadandaula za ululu wa kumtunda kwa msana. Ena amaloza pamene khosi limakumana ndi phewa, ena amaloza pakati pa msana ndi fupa lathyathyathya la kumbuyo kwa phewa. Mu mzinda wa Harare, mayi woluka anthu tsitsi ku Highfield, telala wa ku Mbare, dalaivala wa kombi ya ku Mabvuku ndi mtsikana amene amaswera pa kompyuta mu ofesi ya m'tauni, onsewa akapititsa dzanja kumbuyo amakapeza kanthu kolimba ngati nzama, kamene kamapweteka akakakanikiza. Kanthu kameneka ndi mfundo ya mnofu, ndipo kawirikawiri munthu angathe kuimasula yekha kunyumba popanda kuwononga ndalama. Chimene ndikufuna kuti mugwiritsitse kuyambira pachiyambi ndi chakuti kutikita kokha sikuthetsa vutoli, chifukwa mfundoyo imabweranso ngati mnofu ukupitiriza kugwira ntchito yomwe inautopetsa, m'njira yomweyo, kwa maola omwewo.

Kuti malangizowa amveke, ndi bwino kudziwa mmene phewa linapangidwira. Fupa lathyathyathya lija, limene madokotala amalitcha scapula, silinalumikizidwe ndi mafupa a msana. Limangotsetsereka pamwamba pa nthiti, ndipo fupa lokhalo limene limalumikiza phewa ndi thunthu ndi lija lopingasa kutsogolo m'munsi mwa khosi, lomwe limakathera pa fupa la pachifuwa. Motero chimene chimagwira phewa kuti likhale pamalo pake ndi minofu, ndipo minofu 17 ndi imene inamangiriridwa pa scapula. Umodzi mwa ikuluikulu ndi trapezius, umene umayambira kunkhongo, n'kutambasukira ku mapewa onse awiri, n'kutsikira mpaka pakati pa msana. Pansi pake pali levator scapulae, wochokera ku mafupa anayi oyambirira a khosi kukafika pa ngodya ya pamwamba ya scapula, ndiponso ma rhomboid amene ali pakati pa msana ndi scapula. Mfundo zambiri za kumtunda kwa msana zimapezeka m'minofu itatu imeneyi.

Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5. Ukakhala pamwamba penipeni pa khosi, mafupa ndi amene amausenza, koma ukangotsogola, ntchito imagwera minofu ya kumbuyo. Mu 2014 Kenneth Hansraj, dokotala wa opaleshoni ya msana wa ku New York, anawerengera kuti mutu ukawerama madigiri 15 khosi limanyamula katundu wofanana ndi makilogalamu 12, ndipo ukawerama madigiri 60, monga mmene ambiri timachitira poyang'ana foni, katunduyo amafika pa makilogalamu 27. Kuwerama kwa kanthawi kochepa si vuto, pakuti khosi linapangidwa kuti liziwerama. Vuto ndi kukhala choncho nthawi yaitali mnofu osapuma. Janet Travell, amene anali dokotala wa pulezidenti wa ku America John F. Kennedy, pamodzi ndi mnzake David Simons, anafotokoza mfundozi kuti ndi timalo tomva kuwawa mkati mwa ulusi wa mnofu umene wakungika, ndipo anaonetsa kuti ululu wake umatha kukamvekera kutali ndi pamene pali mfundoyo. N'chifukwa chake mfundo ya pamwamba pa phewa imatha kuyambitsa ululu wokwera m'mbali mwa khosi, kudutsa kuseri kwa khutu, mpaka kukafika pa litsipa.

Choyamba, tsimikizani kuti ndi mnofu

Musanayambe kuthowa kapena kukanikiza chilichonse, dzifunseni ngati ululuwo ukusintha mukasuntha khosi kapena mkono, ndiponso ngati mungathe kuloza malo ake ndi chala. Ululu wa mnofu umatero. Koma pali matenda ena amene amamvekera pamalo omwewa, ndipo amenewo safuna mpira kapena madzi otentha. Ngati ululu wa pakati pa mapewa wabwera pamodzi ndi kuthina pachifuwa, kubanika, thukuta lozizira, kapena ukutsikira ku mkono kapenanso kukwera ku nsagwada, pitani kuchipatala nthawi yomweyo chifukwa ukhoza kukhala mtima. Ululu wa pansi pa phewa lamanja umene umabwera mukadya chakudya chamafuta, makamaka ngati pali mseru, ukhoza kuchokera ku ndulu. Ululu umene ukukula usiku, pamodzi ndi kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku, kuonda kapena chifuwa chosatha, uyenera kuyezedwa, pakuti TB imagwiranso mafupa a msana. Chimodzimodzinso ngati mkono ukuchita dzanzi kapena kufooka, ngati munagwa kapena kuchita ngozi, ngati pakhungu patuluka matuza ootcha mbali imodzi yokha monga amachitira mashingozi, kapena ngati chotupacho chikuoneka ndi maso ndipo chikukulirakulira. Ngati palibe chilichonse mwa zimenezi, pitirizani.

Chachiwiri, pezani mfundoyo ndipo muithowe

Khalani pampando, mkono wa mbali yopwetekayo muutsamiritse pamwendo kuti phewa lilefuke. Ndi dzanja linalo, tsinani pang'onopang'ono mnofu wa pamwamba pa phewa pakati pa chala chachikulu ndi zala zinazo, kuyambira pafupi ndi khosi kupita kunja. Mumva ngati kachingwe kokungika, ndipo penapake pa kachingweko pali malo amene mukawagwira mumazindikira kuti ndi ululu womwe wakhala ukukuvutitsani. Pamenepo ndi pamene tikufuna.

Kuthowa ndi njira imene makolo athu ankaidziwa kale, ndipo ikadali yabwino. Viikani thaulo m'madzi ofunda kwambiri koma osaotcha, finyani, n'kuika pamalopo kwa mphindi 15 mpaka 20, mukumaviikanso likazizira. Ngati mukugwiritsa ntchito botolo la madzi otentha, likulungeni m'nsalu, ndipo musagone nalo tulo. Amene ali ndi matenda a shuga, kapena amene khungu lawo silimva bwino kutentha, ayambe ayesa madziwo ndi wina wa m'nyumba kuti asapse. Kutentha kumachepetsa ululu ndipo kumapangitsa mnofu kulola kutambasulidwa, choncho musalumphe gawo limeneli ngakhale mutakhala ndi changu.

Chachitatu, kanikizani ndi mpira

Pezani mpira wa tenesi, ngakhale wakutha, ndipo muuike mu sokosi yaitali kuti muzitha kuugwira pamwamba pa phewa osagwa. Imani chofulatira khoma, mapazi atatalikirana nalo pang'ono, ndipo ikani mpirawo pakati pa khoma ndi mnofu wa pakati pa msana ndi scapula. Mkono wa mbali imeneyo muupingase pachifuwa ngati mukugwira phewa linalo, chifukwa mukatero scapula imasunthira kunja n'kusiya mnofu poyera. Tsamirani pang'onopang'ono, mukusuntha thupi mpaka mpira utafika pa mfundo penipeni, kenako imani pomwepo.

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, poganiza kuti ululu ukachuluka ndiye kuti mankhwala akugwira. Muyezo wake ndi mpweya wanu. Ngati mukutha kupuma mofatsa, nkhope osakwinyika, mphamvuyo ndi yokwanira, koma ngati mwayamba kugwira mpweya kapena kukukuta mano, mnofu ukudziteteza pokungika kwambiri, ndipo mukuwonjezera vuto limene mumafuna kuchotsa. Khalani pamalopo masekondi 30 mpaka 60, mukupumira m'mphuno ndi kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri mumva ululu ukuzilala mpira usanachoke. Mukatero sunthirani pamalo ena. Mphindi zisanu pa mbali imodzi n'zokwanira, kamodzi kapena kawiri pa tsiku. Mpira usafike pa mafupa a msana, ndipo musakanikize kutsogolo kapena m'mbali mwa khosi, kumene kumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi yopita ku ubongo. Amene akumwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin asakanikize mwamphamvu, chifukwa magazi sachedwa kukha mkati mwa mnofu.

Mfundo ya pamwamba pa phewa mpira suifika bwino pakhoma, choncho imeneyo muitsine ndi zala monga munachitira poifufuza, n'kugwira kwa nthawi yomweyo. Ngati mwapempha wina kuti akutikiteni, muuzeni agwiritse ntchito chala chachikulu kapena chikhatho, ndipo inu ndi amene muzinena pamene mphamvu yakwanira. Chizolowezi chouza mwana kuti akupondeni pamsana, kapena kulola munthu wosaphunzira kukupotolani khosi kuti lilire, ndikukupemphani kuti muchisiye, pakuti phindu lake ndi la mphindi zochepa pamene ngozi yake ndi yaikulu.

Chachinayi, tambasulani mnofu ukadali wofunda

Khalani mowongoka, gwirani m'mphepete mwa mpando ndi dzanja lamanja kuti phewa lisakwere, ndipo pendeketsani mutu kuti khutu lakumanzere liyandikire phewa lakumanzere. Mumva kukoka m'mbali mwa khosi kumanja. Khalani choncho masekondi 30, osagwedeza ndiponso osakoka mutu ndi mphamvu. Kenako, dzanja likadali pampando, tembenuzirani nkhope kumanzere pang'ono n'kuweramitsa mutu ngati mukuyang'ana m'khwapa mwanu, ndipo kukokako kusamukira kumbuyo kwa khosi mpaka pa ngodya ya scapula. Umenewo ndi levator scapulae uja, mnofu umene umachititsa kuti munthu adzuke khosi litauma, osatha kucheuka. Bwerezani katatu mbali iliyonse.

Musaiwale kutsogolo, ngakhale kuti sikukupweteka. Ntchito zathu zambiri timazigwira manja ali patsogolo, ndipo minofu ya pachifuwa imazolowera kukhala yofupika n'kumakokera mapewa kutsogolo. Imani pakhomo lotsegula, ikani mikono pa felemu mbali zonse, zigongono zili pa msinkhu wa mapewa, ndipo pondani patsogolo ndi mwendo umodzi mpaka mutamva chifuwa chikutambasuka. Masekondi 30 katatu akwana.

Chachisanu, phunzirani pamene mapewa ayenera kukhala

Anthu akauzidwa kuti awongoke amatulutsa chifuwa, n'kukokera mapewa kumbuyo mwamphamvu, n'kuyesa kukhala choncho tsiku lonse. Pakangopita mphindi zochepa amatopa, ndipo minofu ya pakati pa mapewa imapweteka kuposa kale, chifukwa kukungika kwa mtundu wina kwangolowa m'malo mwa kukungika kwakale. Kakhalidwe kabwino ka mapewa n'kopepuka. Kuti mukapeze, kwezani mapewa mpaka afike pafupi ndi makutu, apititseni kumbuyo pang'ono, kenako alekeni agwe okha pamene mukutulutsa mpweya. Kwezani fupa la pachifuwa pang'ono chabe, nthiti osazitulutsa. Pomaliza bwezerani chibwano kumbuyo, maso akuyang'anabe patsogolo, mpaka khutu likhale pamwamba pa phewa. Mukaima chonchi manja ali lendelende, zala zazikulu ziyenera kuloza kutsogolo. Ngati chimene chikuoneka kutsogolo ndi kuseri kwa manja, mapewa anu akadali opindikira mkati.

Kubwezera chibwano kumbuyo kuja mukuchite ngati masewera paokha, pogwira masekondi 5 n'kumasula, kokwana 10. Mungathe kuchita zimenezi muli m'kombi kapena pamzere wa madzi popanda wina kuzindikira. Malamba okokera mapewa kumbuyo amene amagulitsidwa masiku ano sindikulimbikitsani kuti muwonongerepo ndalama, chifukwa lamba amagwira ntchito imene mnofu uyenera kuphunzira kugwira wokha.

Chachisanu ndi chimodzi, limbitsani minofu

Gawo ili ndi limene anthu amalinyozera ululu ukangochepa, komatu ndi limene limachititsa kuti usabwerenso msanga. Mnofu wolimba umapirira maola a ntchito amene mnofu wofooka sungapirire. Simufunika kupita ku jimu. Chubu chakale cha njinga, chimene okonza njinga amataya, chimakwanira ngati mwachidula n'kuchotsa valavu, n'kuonetsetsa kuti sichinang'aluke. Chikolekeni pa chitsulo cha pawindo kapena pa mtengo wolimba pa msinkhu wa chifuwa, gwirani nsonga zonse ziwiri, n'kukokera zigongono kumbuyo moyandikana ndi nthiti. Pamene mukukoka, mumve mafupa athyathyathya aja akuyandikirana ndi kutsika, mapewa osakwera kupita ku makutu, ndipo bwererani pang'onopang'ono, mphira usakukokeni. Chitani maulendo 10 mpaka 15, pumulani, n'kubwereza kawiri kapena katatu.

Masewera achiwiri ndi apakhoma. Tsamiritsani msana ndi nkhongo kukhoma, pindani mikono zigongono zili m'mbali ndipo manja akuloza kumwamba, kenako kwezani mikonoyo motsetsereka pakhoma mpaka pamene mungathe popanda chiuno kuchoka pakhoma, n'kuitsitsanso. Masiku oyamba manja akhoza kukana kukhudza khoma, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa. Achitatu ndi ogona chafufumimba pamphasa, chipumi chili pa thaulo lopinda, mikono yotambasulidwa m'mbali, zala zazikulu zikuloza kudenga. Kwezani mikono pang'ono kuchoka pansi, gwirani masekondi atatu, n'kutsitsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera olimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata, ndipo masiku awiri kapena atatu ndi oyenera pa masewera awa. Dzipatseni masabata asanu ndi limodzi musanaweruze ngati akuthandiza. Kuwawa pang'ono kwa minofu tsiku lotsatira n'kwachibadwa, koma ululu wobaya kapena wotsikira ku mkono ndi chizindikiro chakuti muleke.

Chachisanu ndi chiwiri, sinthani kagwiridwe ka ntchito imene inayambitsa vutoli

Lamulo lalikulu ndi lakuti musakhale m'kakhalidwe kamodzi kupitirira mphindi 30, ngakhale kakhalidweko katakhala kabwino chotani. Imirirani, zunguzani mapewa, kwezani manja kumwamba, n'kubwerera ku ntchito. Mphindi imodzi ndi yokwanira, ndipo ngati mumaiwala, tcherani alamu pa foni.

Kupitirira apo, ntchito iliyonse ili ndi pake pokonza. Woluka tsitsi akhazike kasitomala pa kampando kafupi kapena pamkeka, kuti manja azigwira ntchito pansi pa msinkhu wa chifuwa, chifukwa kuluka kwa maola asanu zigongono zili m'malere ndi kumene kumaumitsa trapezius. Telala ayandikize mpando ku makina ndipo aonetsetse kuti pa singano pakuwala bwino, pakuti munthu amatsogoza mutu makamaka pamene sakuona bwino, ndipo ena chimene akufunika ndi magalasi a maso. Wa pa kompyuta akweze sikirini ndi mabuku mpaka m'mphepete mwake mwa pamwamba mulingane ndi maso, mikono itsamire patebulo, ndipo mapazi aponde pansi. Dalaivala asendeze mpando kuti asamafikire chiwongolero mikono itawongoka. Foni muziikweza kufupi ndi nkhope, ndipo musaipanire pakati pa khutu ndi phewa pamene manja akugwira zina.

Nkhani ya madzi ndi yofunika kuikhalira pansi, chifukwa m'madera ambiri a Harare mipopi imatha masiku ili youma ndipo mabanja amadalira mijigo ndi zitsime. Chigubu cha malita 20 chikadzaza chimalemera makilogalamu 20, osawerengera chigubucho. Mukachinyamula ndi dzanja limodzi, phewa la mbali imeneyo limakokedwera pansi ndipo minofu ya khosi imalimbana nalo njira yonse. Ndi bwino kugawa madziwo m'zigubu ziwiri za malita 10, china kumanja china kumanzere, kapena kugwiritsa ntchito wilibala. Ngati mukusenza pamutu, ikani nkhata yochindikala, pemphani wina akutwikeni ndi kukutulani, ndipo mukafuna kucheuka tembenukani thupi lonse osati khosi lokha. Mayi wobereka mwana amange mbereko molimba kuti mwanayo akhale m'mwamba ndi mogundana ndi msana, ndipo poyamwitsa aike pilo pamiyendo kuti mwana akwere kufika pa bere m'malo moti mayi aweramire mwanayo. Chikwama cha lamba mmodzi muzichisinthasintha mapewa, ndipo chotsanimo zimene simukuzigwiritsa ntchito.

Usiku pewani kugona chafufumimba, chifukwa khosi limakhala lopotokera mbali imodzi kwa maola ambiri. Pogona chammbali, pilo idzaze mpata wa pakati pa khutu ndi phewa kuti mutu usapendekeke, ndipo pogona chagada pilo ikhale yopyapyala. M'miyezi ya June ndi July, pamene m'mawa wa Harare umazizira kwambiri, munthu amakweza mapewa osadziwa pamene akudikira kombi, choncho sikafu pakhosi ndi gawo la chithandizo. Nkhawa nayo imachita chimodzimodzi. Amene akuganizira za lendi kapena fizi amayenda mapewa ali m'mwamba ndi nsagwada zolumana, ndipo ndi bwino kudzifufuza kangapo pa tsiku, n'kupuma mozama katatu mpweya ukufika m'mimba, mapewa n'kuwalola kutsika.

Za mankhwala ndi nthawi yopita kuchipatala

Paracetamol amathandiza masiku amene ululu wakula, koma munthu wamkulu asapitirire magalamu 4 pa tsiku. Ibuprofen si woyenera kwa amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso kapena amene ali oyembekezera, ndipo amene amamwa mankhwala ena tsiku ndi tsiku ayambe afunsa namwino kapena wa ku famase. Mafuta otentha opaka amapereka mpumulo wa kanthawi, koma musawapake n'kuikapo botolo lotentha pamwamba. Kutema mphini pamalopo sikungafike pa ulusi wa mnofu umene wakungika, ndipo lezala limabweretsa chiopsezo cha matenda olowera pabala.

Ngati mwatsatira zonsezi mokhulupirika kwa masabata awiri kapena atatu koma palibe kusintha kulikonse, kapena ngati ululu ukukulepheretsani kugona ndi kugwira ntchito, yambirani ku kiliniki ya khonsolo ya m'dera lanu. Kumeneko akhoza kukutumizani kwa akatswiri a physiotherapy, othandiza odwala minofu ndi mafupa pogwiritsa ntchito masewera ndi kutikita, amene amapezeka pa zipatala zazikulu monga Parirenyatwa ndi Sally Mugabe Central. Popita, konzekerani kufotokoza pamene ululu unayambira, ntchito imene mumagwira ndi maola ake, chimene chimaukulitsa ndi chimene chimauchepetsa, ndiponso mankhwala onse amene mukumwa. Valani malaya osavuta kuvula, chifukwa adzafuna kuona mmene mafupa a mapewa anu akuyendera pamene mukukweza mikono.